Kompyuta ya magemu ya R13,000: zokambirana pa gulu la Amalawi a ku Joni

Yamikani (Rosettenville): Moni akuluakulu nonse. Ndikudziwa kuti gulu lino ndi la maliro, za ntchito ndi katundu wopita kumudzi, koma aPhiri andilola kuti ndifunse. Chiperegani cha kuntchito mwezi uno chagwera ine, ndaphatikiza ndi kangachepe komwe ndinkasunga, zonse zakwana R13,000. Ndikufuna kulumikiza ndekha kompyuta ya magemu, ndipo aka n'koyamba. Magemu ake ndi EA FC, GTA V, Valorant ndi Counter-Strike 2. Zomwe ndalemba ndi izi: purosesa ya Ryzen 7 5700X, bodi yolumikizapo zonse ya B550, memori ya RAM imodzi ya 16GB, khadi ya zithunzi ya RX 6500 XT, SSD yosungiramo zinthu ya 512GB, kesi yagalasi ya mafani 6 owala, ndi choziziritsira chamadzi. Pawa sapulayi, kabokosi kogawa magetsi, akuti imabwera ndi kesiyo. Monita ndilibe, ndigwiritsa ntchito TV yanga ya mainchesi 32. Odziwa ndithandizeni ndisanapereke ndalama.

aPhiri (Turffontein): Ndamulola ndithu. Koma mwana iwe, R13,000 ya masewero? Ndalama imeneyo ukaitumiza pa Mukuru, kwanu ku Ntcheu akhoma malata.

Yamikani: Malata ndinatumiza chaka chatha madala. Iyi yokha ndiloleni ndidyeko thukuta langa.

Dalitso (Randburg): Aise, mafani 6 owala? Ukumanga kompyuta kapena disiko ya pa Bwandilo?

Tiyanjane (Midrand): Yamikani mchimwene wanga, wachita bwino kufunsa usanagule. Ine ntchito yanga ndi yomweyi, makompyuta a m'maofesi, ndipo yanga ya kunyumba ndinalumikiza ndekha. Ndikuuza mosapsatira: mndandanda wakowu ndalama zapita ku zinthu zooneka ndi maso, pomwe chinthu chimene chimayendetsa gemu wachimana.

Gemu imalemera pa khadi. Khadiyo ndi imene imajambula chilichonse chomwe ukuona pa sikirini, purosesa imangoitumikira. Iwe watenga purosesa ya makoo (timitu togwira ntchito) 8 n'kuikwatitsa ndi khadi yofooka. RX 6500 XT ili ndi memori ya 4GB yokha, imalumikizana ndi bodi kudzera m'njira 4 zokha za PCIe, komanso ilibe kachipangizo kojambulira vidiyo ukamasewera. Magemu atsopano 4GB amaimaliza usanafike n'komwe pabwalo.

Tsika pa purosesa, tenga Ryzen 5 5600. Makoo 6, mawati 65, ndipo m'bokosi mwake mumabwera kale fani yake ya Wraith Stealth. 5700X ija imabwera yopanda fani, n'chifukwa chake wayamba kuganiza za madzi. Ukachotsa chamadzicho, n'kuchotsa kesi ya disikoyo, n'kutsika pa purosesa, ndalama yotsalayo iponye yonse pa khadi. RX 6600 ya 8GB ndiye poyambira. Ikapezeka RX 7600 kapena RTX 4060 pamtengo woyandikira, tenga imeneyo. Ine pa ndalama ngati yakoyi ndimafuna khadi idye pafupifupi magawo 4 mwa magawo 10.

Yamikani: Achemwali zikomo. Koma ndinaona ina yolembedwa 5600G, yotchipirapo pang'ono. Si yomweyo?

Tiyanjane: Ayi, G ameneyo asakunamize. 5600G ili ndi kakhadi kake m'kati, ndiye imathandiza munthu amene sagula khadi yapadera. Koma analipira malo a kakhadiko pochepetsa zina: cache yake (memori yachangu ya mu purosesa) ndi 16MB pomwe 5600 ili ndi 32MB, ndipo imathera pa PCIe 3.0. Iwe ukugula khadi, ndiye tenga yopanda G. Ungodziwa kuti 5600 payokha siitulutsa chithunzi, popanda khadi sikirini imakhala bii.

Dalitso: Achemwali, ulemu wanu, koma mukumugulitsa mnyamatayu ku manda. AM4, soketi (polowera purosesa pa bodi) ya 5600 ndi B550 imeneyo, ndi yakale, Ryzen yoyamba inatuluka 2017. AM5 inabwera 2022 ndipo AMD inalonjeza kuti ikhala ikutulutsa mapurosesa ake mpaka 2027 kapena kupitirira. Atenge Ryzen 5 7600 ya AM5, zaka zikubwerazi angosintha purosesa basi.

Tiyanjane: Dalitso sukunama, koma werengera. AM5 imalandira DDR5 yokha, bodi yake ndi yodulirapo, purosesa yakenso chimodzimodzi. Zitatu zimenezo zikakwera, chimene chitsike ndi khadi, tabwerera pomwe tinayambira paja. Akanakhala ndi R20,000 ndikanavomera. Kugulira kompyuta ya 2027 pomwe gemu ya lero ikudukiza ndi kugula mbereko mwana asanabadwe.

Dalitso: Nanga Intel? i5-12400F pa bodi ya DDR4 imachita chimodzimodzi.

Tiyanjane: Imeneyo sindikana. Tsiku logula ayerekeze mtengo wa 12400F ndi bodi yake, ndi wa 5600 ndi bodi yake, atenge zotchipa. Pamagemu akewa kusiyana kwake sangakuone ndi maso. F naye akutanthauza kuti popanda khadi palibe chithunzi.

Che Saidi (Mayfair): Salaam abale. Ine ndimakonza mafoni, za magemu sindidziwa kwenikweni, koma pa mndandandawo ndaona chinthu chimodzi chimene chandiwawa m'mimba. Pawa sapulayi yobwera ndi kesi. Mwanawe, usayerekeze.

Zaka zapitazo ndinalumikizira mlamu wanga kompyuta ya pashopu. Pawa sapulayi tinagula pa sitolo ina m'tauni, yolembedwa 600W, yopepuka ngati paketi ya mabisiketi. Inagwira miyezi itatu. Tsiku lina magetsi atabwerera tinangomva phu, kenako fungo la waya wopsa. Sinafe yokha, inapita ndi bodi ndi hadi disiki yomwe munali ngongole zonse za makasitomala. Mlamu wanga mpaka lero akandiona amayamba nkhani imeneyo.

Zolemba pa chitini aliyense akhoza kulemba. Inyamule m'manja, yabwino imalemera. Ona ngati ili ndi chizindikiro cha 80 Plus Bronze, ona zaka za waranti, ndipo dzina lake likhale lodziwika: Corsair, Seasonic, Cooler Master, FSP, amenewo. Ya zaka 5 za waranti ndiye kuti eni ake akuikhulupirira.

Tiyanjane: Che Saidi mwandilanda mawu m'kamwa. Ndiwonjezere pang'ono: 80 Plus imangonena kuti chipangizocho sichitaya magetsi ambiri ngati kutentha, siikulonjeza kuti zam'kati ndi zolimba, ndiye dzina ndi waranti zikhalepo ndithu. Kukula kwake 550W yakwana. RX 6600 imakoka mawati 132, purosesa siifika 100, kompyuta yonse ikamasewera imazungulira pa 250. Ukafuna malo odzakulira m'tsogolo tenga 650W.

Mai a Favour (Cosmo City): Pepani ndilowerere. Mwana wanga wa Fomu 1, kuno amati giredi 9, wandivutitsa chaka chonse za kompyuta yomweyi. Ine mantha anga ndi mayunitsi. Tikukhala kuseri kwa nyumba ya eni, mita ndi imodzi, ndipo mayi a nyumba akangoona chinthu chatsopano cholowa pakhoma amakweza ndalama ya magetsi.

Yamikani: Mai a Favour mwandikumbutsa, kwathunso ndi momwemo. Agogo a nyumba anawerenga mababu anga tsiku lomwe ndinkalowa.

Tiyanjane: Tiyeni tiwerengere limodzi kuti mukawayankhe ndi manambala. Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 kwa ola limodzi. Kompyuta ya mawati 250 ikasewera maola 4 yadya yuniti imodzi, kuphatikizapo pang'ono pa TV. Hita ya mawati 2,000 ija mumayatsa mu June imadya yuniti yomweyo pa mphindi 30. Ketulo naye ali cha pomwepo akamawira. Ndiye mwana akamasewera maola 4 tsiku lililonse, pamwezi ndi mayunitsi 30 kapena kuposerapo pang'ono. Si zaulere, koma wakuba weniweni m'nyumba ndi hita ndi mbaula ya mapuleti awiri.

Mai a Favour: Maola 4 tsiku lililonse? Ameneyo ndiye mabuku adzawerenga liti? Ndamva achemwali, ndimuuza adikire zotsatira za December.

Dalitso: Kkkk mwamuphera ufulu mfana.

Yamikani: Funso lina. Pa tsamba lina la zogulitsa zakale ndapeza munthu akugulitsa RTX 3060 ya 12GB pa R2,500. Akuti akusamukira kunja, akufuna ndalama mwachangu. Zithunzi zake ndi zoyera bwino, bokosi lilipo. Wati nditumize R500 kuti andisungire chifukwa ofuna ndi ambiri.

Dalitso: Thawa aise. Thawa osacheuka.

Che Saidi: Amene akusamukira kunja ameneyo wakhala akusamuka kuyambira chaka chomwe ndinafika ku Joni kuno.

Tiyanjane: Khadi ya kaunjika payokha si tchimo, yanga yoyamba inali ya kaunjika ndipo inanditumikira zaka zitatu. RTX 3060 ndi khadi yabwino, 12GB imeneyo ndi yochuluka kuposa ya RX 6600. Vuto ndi mtengowo ndi dipozitiyo. Chinthu chabwino sichitchipa chonchi popanda chifukwa, ndipo wogulitsa woona sapempha ndalama usanaone katundu.

Ukafuna kaunjika lamulo ndi limodzi: uione ikugwira ntchito. Iikidwe m'kompyuta pamaso pako, mutsegule pulogalamu ya GPU-Z kuti uone ngati dzina ndi memori zikugwirizana ndi zomwe wanena, kenako muithamangitse ndi pulogalamu yoyesera ya FurMark kapena gemu yolemera kwa mphindi 20. Uziyang'ana timadontho kapena mizere yachilendo pa sikirini, uzimvetsera ngati mafani akukhula, uone ngati kompyuta ikuzima yokha. Makadi ambiri a zaka za 2020 ndi 2021 anagwira ntchito yokumba ndalama ya pa intaneti ya Ethereum usana ndi usiku, ndipo kukumba kumeneko kutatha mu September 2022 anakhuthukira pamsika. Ena ali bwinobwino, ena mafani ndi memori zinatopa. Komanso samala ndi ma RX 580 otchipa olembedwa 2048SP, mphamvu yake ndi ya RX 570, dzina lokha ndi limene linakwezedwa.

Ngati ukufunadi zakale, pa tsamba la Carbonite ndi pabwinoko chifukwa ogula ndi ogulitsa amalemberana mbiri, umaona kuti munthuyu wagulitsapo kangati. Koma kumbukira kuti lamulo la Consumer Protection Act, lija limakupatsa miyezi 6 yobweza chinthu chowonongeka kuti akukonzere, akusinthire kapena akubwezere ndalama, limagwira ukagula kwa wabizinesi. Ukagula kwa munthu wamba pa geti la siteshoni, chikafa mawa ndi chako.

aPhiri: Ndipo wina asapite yekha kunyumba ya munthu wosamudziwa ali ndi ndalama m'thumba. Gulu lino latumiza kale mitembo yokwanira kumudzi. Mukumane pa mall, masana, muli awiri.

Yamikani: Ndamva madala. Ndamuuza kuti ndibwera ndi mlongo wanga tidzaiyese kaye, dipoziti ayi. Tione ayankha chiyani.

Dalitso: Pomwe tikudikira wosamukayo, RAM ija. Usagule imodzi ya 16GB, gula ziwiri za 8GB za m'paketi imodzi, DDR4-3200. Ziwiri zimayenda ngati msewu wa mbali ziwiri, imodzi ndi mlatho wodutsa galimoto imodzi. Pa bodi ya mipata 4 uziike pa wachiwiri ndi wachinayi kuchokera ku purosesa. Ukayatsa koyamba lowa mu BIOS (masetingi a bodi) uyatse XMP yoyendetsa RAM pa liwiro lake lonse, pa mabodi a Asus amalemba DOCP, apo ayi RAM yako izidzayenda pa 2133 kapena 2400 iwe utalipira 3200. Ine ndinakhala chaka chathunthu osadziwa. Ndipo RAM usaidikirire Black Friday, mitengo yake ikukwera osati kutsika.

Tiyanjane: Apa Dalitso walankhula ngati munthu. SSD naponso 512GB ichepa. GTA V yokha imadya cha m'ma 100GB, uikepo Windows, FC ndi Counter-Strike, mwezi sutha uyamba kufufuta. Tenga SSD ya mtundu wa NVMe ya 1TB, imalowa pa bodi pomwepo popanda waya.

Za bodi, B550 wasankha bwino, ya micro-ATX yotchipa yakwana. RX 6600 imagwiritsa njira 8 za PCIe, ndiye PCIe 4.0 ya B550 imaithandiza. Wina akakunyengerera B450 chifukwa chotchipa, funsa kaye ngati BIOS yake ndi yatsopano, chifukwa zakale sizizindikira Ryzen 5000 ndipo kompyuta siyaka n'komwe. Zonse ukasankha uziike pa tsamba la PCPartPicker, limakuuza ngati china sichikugwirizana ndi chinzake. Mitengo yerekeza pa masitolo a Wootware, Evetech ndi Takealot. Evetech ili ku Centurion, ukhoza kukatenga wekha, Wootware ili ku Western Cape ndiye uwerengere masiku a kutumiza.

Yamikani: Nanga kesi? Mtima wanga unali pa magetsi aja achemwali.

Tiyanjane: Chikomekome cha mkuyu. Kesi ya galasi kutsogolo imatsekereza mpweya, mafani 6 aja amangopukusa kutentha komweko. Tenga ya sefa kutsogolo, mafani awiri olowetsa ndi imodzi yotulutsa. Fumbi la ku Joni la mu August ukulidziwa, makamaka kwanuko kufupi ndi milu ya migodi, ndiye sefayo uzidzaitsuka. Magetsi owala ukadzawafuna, kachingwe kake n'kotchipa, udzagula ndi ndalama ya tsiku limodzi.

Blessings (Kempton Park): Ndangolowa kumene, ndinali pa Beitbridge. Ndawerenga zonse. Palibe amene wanena za mphenzi? Nyengo yake ndi inoyi. Mvula ya kuno ya masana ija imabwera ndi ziphaliwali zoti ku Lilongwe sitinazione.

Dalitso: Musandikumbutse. Chaka chatha mu January ndinataya rauta ndi malo olowetsa waya wa intaneti pa bodi. Kompyuta inali yozimitsa, koma mapulagi anali pakhoma.

Tiyanjane: Eya, pa R13,000 ija upatule ya pulagi yoteteza ku magetsi obwera mwamphamvu. Imathandiza magetsi akamabwerera atathima. Kuthimathima kwachepa poyerekeza ndi 2023 pomwe tinkakhala pa siteji 6, koma mawaya amabedwabe, matransifoma amaphulikabe. Pa mphenzi yeniyeni kapulagi kameneko sikangalimbe, mankhwala ake ndi kuzula pakhoma ukangomva kugunda, pamodzi ndi waya wochokera ku rauta. UPS, bokosi la batire losungira magetsi, ndi yabwino koma yaing'ono ya 650VA imangokupatsa mphindi zochepa zoti uzimitse bwino, si yosewerera. Imeneyo idzabwere pambuyo.

Blessings: Ndipo tsiku lomwe udzafune kupita nayo kumudzi undiuze. Ndanyamulapo zingapo. Khadi uichotse, uibwezere m'bokosi lake, uinyamule pamiyendo. Ikatsala m'kati, mabampu a njira ya ku Tete amathyola polowera pake. Mabokosi onse usataye, malisiti usunge, a MRA pa Mwanza amafuna kuona mtengo. Magetsi ndi amodzi, 230V konsekonse, chosintha ndi chingwe chokha: kuno mano atatu obulungira, kwathu mano atatu a makona. Chingwe chake ndi chonga cha ketulo zakale zija, pa Limbe kapena mu Area 2 sungachisowe.

Yamikani: Kumudzi ipita ndikadzatopa ndi Joni achimwene. Nanga TV ija ndiyambire?

Tiyanjane: Yambira, koma yang'ana kuseri kapena m'buku lake. Ma TV ambiri a mainchesi 32 ndi 1366 x 768, si 1080p, ndipo amathera pa 60Hz. Pa FC ndi GTA utakhala pabedi ndi kontirola zili bwino, ungoyatsa Game Mode kuti isamachedwe. Pa Valorant ndi Counter-Strike ndiye udzalira, magemu amenewo khadi yako idzatulutsa mafelemu (zithunzi) oposa 144 pa sekondi koma TV idzakuonetsa 60 okha. Monita ya mainchesi 24, 1080p, 144Hz kapena kuposa, imeneyo ndiye uidikirire Black Friday kapena bonasi.

Dalitso: Chokoma n'choti Counter-Strike ili ndi maseva mu Johannesburg momwemuno, Valorant ili nawo ku Cape Town. Pa faiba ping (nthawi yomwe uthenga umatenga kupita ku seva ndi kubwerera) imakhala yotsika kwambiri. Ukalowa seva ya ku Ulaya imakwera kupitirira 150, umafa usanamuone wokuwombera. Ndipo koka waya kuchokera ku rauta, Wi-Fi ya agogo yodutsa makoma atatu ija siikuthandiza.

Tiyanjane: Windows uike 11, Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025. Valorant pa Windows 11 imafuna zachitetezo zotchedwa TPM 2.0 ndi Secure Boot, zonse zili mu BIOS, pa AMD amalemba fTPM. Ikadzakana kutseguka usadzaganize kuti khadi yafa.

Yamikani: Abale, wosamuka uja wayankha. Akuti alibe nthawi ya anthu osakhulupirira anzawo. Kenako wandibuloka.

Che Saidi: Ndege yake yanyamuka.

Yamikani: Basi ndigula yatsopano. Mndandanda tsopano uli chonchi: Ryzen 5 5600 ndi fani yake, B550 ya micro-ATX, RAM ziwiri za 8GB, RX 6600, NVMe ya 1TB, pawa sapulayi ya 550W Bronze, kesi ya sefa, ndi pulagi yoteteza. Ndawerengera, zikukwana, kotsala ndi ka kiyibodi ndi mausi wamba. Koma kunena zoona manja akunjenjemera. Ndikathyola kanthu?

Tiyanjane: Chosavuta kuthyola ndi chimodzi, timano ta purosesa. Pa AM4 timanoto tili pa purosesa penipenipo, tambirimbiri, topyapyala ngati tsitsi. Uigwire m'mbali, ulunjikitse kachizindikiro ka makona atatu kagolide ndi ka pa soketi, igwere yokha. Ikakana usakanikize, itukule uonenso. Fani yake imabwera ndi phala lake lopakapaka kale, usawonjezere. Purosesa, RAM ndi SSD uziike bodi ili pamwamba pa bokosi lake, isanalowe m'kesi. Kachitsulo kotchinga malo olowetsa mawaya kumbuyo kwa kesi kalowe kaye bodi isanalowe, ndipo kamacheka zala, ndakuchenjeza. Zinthu zikafika undiuze, Loweruka ndikatsika Gautrain pa Park Station udzandichingamire. Koma sikuludiraiva ugwira ndi iwe, ine ndidzangokhala pampando n'kumaloza.

Dalitso: Inenso ndibwera ndi fulashi ya Windows ndi kontirola yachiwiri. Ndikufuna ndikhale woyamba kukuchinya pa kompyuta yako yomwe.

Yamikani: Bwerani nonse, ndiphika nsima ya ufa wa kumudzi ndi usipa womwe achimwene a Blessings anandibweretsera.

aPhiri: Zatha bwino. Tsopano Yamikani, ndatsegula buku la thumba la maliro. Dzina lako pa October palibe, pa November palibe. R13,000 ya zidole waipeza, R200 ya anzako yakusowa?

Yamikani: Pepani madala, ndatumiza pompano. Mausi ndibwereka kwa Dalitso.

Dalitso: Ndani wakuuza?